Bilidala amene adajambula mlalang'amba wa Andromeda

Kwathu kuno munthu akangotchula za sayansi, ife timathamangira kufunsa mapepala. Adaphunzira kuti? Ali ndi madigiri angati? Kunja adapitako? Akapezeka kuti ndi mmisiri wamba, wa levulo ndi chingwe m'manja, basi nkhani yake yathera pomwepo, ngakhale zimene akunenazo zikhale za nzeru chotani. Khalidwe limeneli latipweteka kwambiri. Lero ndati tikambirane za moyo wa mkulu wina amene akadakhala wa kuno bwenzi titamuseka mpaka kumugwetsa ulesi. Dzina lake ndi Isaac Roberts, bilidala wa ku Liverpool amene adamwalira m'chaka cha 1904. Mkuluyu ndiye adayamba kujambula chithunzi choonetsa bwino maonekedwe a mlalang'amba wa Andromeda, umene uli kutali kunja kwa mlalang'amba wathu uno. Ntchitoyi adaigwira pakhomo pake, ndi ndalama za m'thumba mwake, usiku anzake ali mtulo.

Poyamba timvane kaye za mlalang'amba. Aliyense amene adagonapo pabwalo nyengo ya chilimwe kumudzi, kaya ndi kwa Ngokwe m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kaya ndi kwina kulikonse ku Machinga ndi ku Balaka kumene magetsi sasokoneza mdima, adauona mzere woyera uja wodutsa pakati pa thambo ngati phulusa lomwazika. Makolo athu adautcha mlalang'amba. Lero tikudziwa kuti mzerewo ndi khamu la nyenyezi mabiliyoni ambirimbiri, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi chabe mwa nyenyezizo. Tikudziwanso kuti milalang'amba ilipo yosawerengeka. Wa Andromeda ndi waukulu umene tayandikana nawo, komabe kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kufike kuno, chonsecho kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. Kuwala kwa dzuwa kumangotenga mphindi 8 zokha.

A Roberts adabadwa pa 27 January 1829 pa famu ina ku Groes, pafupi ndi tauni ya Denbigh m'dziko la Wales. Bambo awo, a William Roberts, adali mlimi. Chiyankhulo cha pakhomo chidali Chiwelishi, osati Chingerezi ayi, ndipo a Roberts sadachitaye chiyankhulochi moyo wawo wonse, ngakhale pamene adalemera nayamba kukhala ndi akuluakulu a ku London. Isaac akadali mwana banjali lidasamukira ku Liverpool, mzinda wa doko umene nthawi imeneyo unkakula mofulumira zedi. M'chaka cha 1844, ali ndi zaka 15, adamupereka ku kampani yomanga nyumba ya John Johnson and Son kuti aphunzire ntchito pamanja kwa zaka 7. Ku yunivesite sadapondeko. Masana ankakhalira njerwa, matope ndi njereza, madzulo n'kumakalowa sukulu ya usiku.

Mnyamatayu adali wodalirika pa ntchito, moti m'chaka cha 1855 adamukweza kukhala manijala wa kampaniyo. Mu 1859 adayamba bizinesi yakeyake, ndipo mu 1862 adalowa m'chipani ndi J. J. Robinson, mwana wa mmodzi wa mabwana ake akale. Kwa zaka zoposa 20 kampani ya awiriwa idagwira makontalakiti akuluakulu mu Liverpool ndi madera ozungulira, ndipo chuma chidabwera. Apa ndi pamene ambiri a ife tikadakhazikika n'kumangodya. Koma mkuluyu adali ndi mtima wofunsa. Pokumba maziko ndi zitsime ankayang'anitsitsa miyala ndi madzi a pansi, mpaka mu 1870 adalandiridwa m'bungwe la akatswiri a miyala la Geological Society. Adalembanso za mmene madzi a mchere a m'nyanja amasefekera podutsa m'miyala ya mchenga ya ku Liverpool. Taonani, bilidala kumalemba zoti mapulofesa aziwerenga!

Za nyenyezi adazilowa mochedwa. Mu 1878, ali ndi zaka 49, n'kuti ali ndi telesikopu ya galasi la mainchesi 7 kunyumba kwawo ku Rock Ferry, tsidya lina la mtsinje wa Mersey. Mu 1882 adasamukira ku Maghull, kumpoto kwa Liverpool, ndipo chaka chotsatira adayamba kuyesa kujambula nyenyezi pogwiritsa ntchito magalasi a makamera wamba ojambulira nkhope za anthu. Inu amene mumati ndakula, sukulu idandipitirira, mumvetse bwino pamenepa: ntchito imene dziko likuwakumbukira nayo a Roberts adaiyamba ali ndi zaka 54.

Nanga n'chifukwa chiyani kujambula kudali kofunika chomwechi? Nthawi imeneyo isadafike, katswiri wa zakuthambo ankasuzumira mu telesikopu usiku, kenaka n'kulemba ndi pensulo zimene waona. Tsono diso la munthu limatopa, ndiponso mtima umaonjezera zimene ukufuna kuona. Anthu awiri ankatha kuyang'ana chinthu chimodzi n'kutulutsa zojambula ziwiri zosiyana, ndipo panalibe woweruza. Kamtambo ka Andromeda kadali kodziwika kuyambira kale. Katswiri wa ku Persia, Al-Sufi, adakalemba m'buku lake cha m'ma 964. Lord Rosse wa ku Ireland, ndi chitelesikopu chake cha mainchesi 72, adaona mu 1845 kuti mtambo wina wotchedwa M51 ndi wopiringizika ngati kamvulumvulu. Koma Andromeda yemweyu adakanika. Ena ankaona timizere takuda m'kati mwake osadziwa kuti timizereto tikutanthauzanji.

Chimene chidasintha zinthu ndi magalasi ojambulira ouma, opakidwa mankhwala a siliva osakaniza ndi jelatini, amene Richard Maddox adayambitsa mu 1871. Galasi lotere lili ndi mphatso imene diso lilibe: limasunga kuwala. Diso likayang'ana nyenyezi yofooka kwa ola lathunthu siliona zambiri kuposa zimene lidaona pachiyambi. Koma galasi lili ngati ndowa yoikidwa pansi pa denga lodontha. Dontho lililonse limakhala momwemo mpaka ndowa kudzaza. Mu 1880 Henry Draper wa ku America adajambula mtambo wa mu Orion, pafupi ndi nyenyezi zitatu zondondozana zija timati Akamwiniatsatana. Mu 1882, kuno ku Africa, David Gill wa ku Cape Town adajambula nyenyezi ya mchira, nadabwa kuona kuchuluka kwa nyenyezi zina zimene zidatuluka kumbuyo kwake. Mu 1883 Andrew Common wa ku London, amenenso ntchito yake yeniyeni idali ya mipope ndi ngalande za zonyansa, adajambula Orion bwino kwambiri kuposa onse am'mbuyo.

A Roberts ataona izi adaitanitsa telesikopu kwa mmisiri wotchuka wa ku Dublin, Howard Grubb. Idali ya kalilole wa mainchesi 20, amene ndi masentimita pafupifupi 51, ndipo idayamba ntchito mu 1885. Apa nzeru za umisiri zidaoneka. Galasi lojambulira adaliika m'kati mwenimweni mwa telesikopu, pamalo pamene kalilole amasonkhanitsira kuwala, kuti kuwalako kusatayike podutsa pa kalilole wachiwiri. Ndipo telesikopu yawo yakale ija ya mainchesi 7 adaimangirira pa chitsulo chimodzi ndi yatsopanoyo, kuti ziwirizi ziziyenda limodzi ngati ng'ombe za pa goli.

Chifukwa chake n'chakuti dziko limazungulira. Nyenyezi imene ili kum'mawa madzulo imakhala ili kumadzulo m'bandakucha. Mukangotsekula kamera n'kuisiya, nyenyezi zimatuluka ngati mizere. Telesikopu imayenera kutsatira thambo, ndipo nthawi imeneyo inkayendetsedwa ndi makina onga a wotchi. Koma makina otere salephera kuphonya pang'ono, ndipo kuphonya pang'ono pomwepo chithunzi chonse chaonongeka. Tsono munthu ankayenera kukhala diso lili pa telesikopu yaing'onoyo, kuyang'anira nyenyezi imodzi kuti isachoke pa mphambano ya timawaya, n'kumakonza ndi dzanja ikafuna kuthawa. Ola loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Mu December wa ku Mangalande, kumene madzi amaundana pabwalo, denga lili lotsekula. Mtambo ukangodutsa, kapena tulo tikangokuba pang'ono, ntchito ya usiku wonse yapita m'madzi. Akuluakulu adanena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa mwambiwu udapherezera.

Cholinga chawo choyamba chidali kujambula mapu a nyenyezi zonse za kumpoto. Koma mu 1887 kudachitika msonkhano waukulu ku Paris, umene iwonso adakhala nawo, pomwe maiko adagwirizana kugawana ntchito yomweyo. A Roberts adaona kuti munthu mmodzi sangapikisane ndi maboma, choncho adasiya mapuwo natembenukira ku timitambo tofooka timene ena sankatisamala. N'kuti atajambula kale mu 1886 nyenyezi za Nsangwe kwa maola atatu, chithunzi chimene chidaonetsa kuti nyenyezizi zakutidwa ndi nkhungu yowala. Mu October 1887 adalozetsa telesikopu ku Andromeda. Adabwereza kangapo, ndipo chithunzi chimene chidatchuka dziko lonse ndi cha pa 29 December 1888, chimene galasi lidakhala lotsekula kwa maola 4. Chaka chomwecho adapuma pa ntchito yomanga kuti nthawi yawo yonse ipite kuthambo.

Chimene chidatuluka pa galasilo chidadzidzimutsa akatswiri. Kamtambo kaja kadaoneka ngati lichero lopendekeka, lowala pakati, lokhala ndi mizere yozungulira kuchokera pakatipo kunka kunja. Timizere takuda tija, timene anthu ankationa modukizadukiza, tidapezeka kuti ndi mipata ya m'kuzungulira komweko. Timitambo tina tiwiri tating'ono tidaoneka pambali pake. Panalibenso kutsutsana kuti uyu waona bwino, uyu waona molakwa. Umboni udali pa galasi, aliyense atha kuunyamula m'manja n'kuuyeza.

Koma kujambula ndi theka chabe la ntchito. Amene adakula m'zaka za filimu akukumbukira ojambula a pa njinga aja, amene ankati akakujambulani lero mudikire masabata kuti akatsukitse m'tauni, mwina n'kubwera ndi uthenga woti chithunzi chidapsa. Kutsuka chithunzi cha mlalang'amba n'kovuta kuposa pamenepo. Pakati pa mlalang'amba n'powala kwambiri pamene m'mbali mwake n'mofooka zedi. Ukafuna kuti m'mbali muoneke, pakati pamapsa n'kungokhala chibanthu choyera. Ukasamala pakati, m'mbali mumasowa. Kafumbi kogwera pa galasi kamaoneka ngati nyenyezi, ndipo kachilema ka mankhwala kamaoneka ngati mtambo watsopano. Mankhwala a matendawa ndi amodzi: kujambulanso malo omwewo usiku wina. Chimene chaoneka pa magalasi awiri ndi cha kuthambo. Chimene chaoneka pa limodzi lokha n'chokayikitsa.

Panalinso vuto lina limene lidawadetsa nkhawa. Adazindikira kuti magalasi akakhalitsa zaka, nyenyezi zofooka zimayamba kufufutika. Tangoganizani, munthu wazizidwa usiku wonse kuti agwire kuwala kumene kwayenda zaka mamiliyoni, kenaka n'kumaona kukuzimirira m'kabati! Pofuna kuthana ndi zimenezi adapanga makina otchedwa pantograver, ozokota malo a nyenyezi iliyonse kuchokera pa galasi kupita pa chitsulo cha kopa. Adasindikizanso zithunzi zawo ndi inki m'mabuku awiri akuluakulu, loyamba mu 1893, lachiwiri mu 1899. Pa chithunzi chilichonse ankalembapo tsiku limene adajambula, kutalika kwa nthawi imene galasi lidali lotsekula, ndi zimene akatswiri am'mbuyo adanena za malo omwewo. Ameneyu ndi bilidala ndithu: amakupatsa nyumba pamodzi ndi pulani yake, kuti wokayika atenge tepi ayeze yekha.

Utsi wa mafakitale ndi mitambo ya ku Liverpool zidawatopetsa. Mu 1890 adasamutsa zonse kupita ku Crowborough, pa phiri la ku Sussex kum'mwera kwa England, ndipo nyumba yawo adaitcha Starfield, kunena kuti munda wa nyenyezi. Kumeneko adalemba ntchito William Franks, amene adajambula zithunzi zambiri za zaka zotsatira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ulemu udayamba kubwera wokha. Mu 1890 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society. Mu 1892 yunivesite ya ku Dublin idawapatsa digiri yaulemu ya udokotala. Mu 1895 bungwe la Royal Astronomical Society lidawaveka mendulo ya golide. Mapepala adachita kuwalondola munthu atagwira kale ntchito.

Tsono tisawasandutse mngelo. A Roberts adajambula bwino koma kumasulira adaphonya. Iwo, monga akatswiri ambiri a nthawi yawo, ankakhulupirira kuti Andromeda ndi mtambo wa mpweya wa m'mlalang'amba wathu momwe muno, umene ukuzungulira n'kumaundana kuti ubale dzuwa latsopano ndi maiko ake. Sadadziwe kuti agwira m'manja khamu la nyenyezi loposa lathu lino. Choonadi chidadza iwo atamwalira kale. Mu 1912 mayi wina wa ku Harvard, Henrietta Leavitt, adapeza njira yoyezera mtunda pogwiritsa ntchito nyenyezi zimene zimawala n'kuzilala mosinthanasinthana. Mu October 1923 Edwin Hubble adapeza nyenyezi yotere mu Andromeda ndi telesikopu ya mainchesi 100 ya pa Mount Wilson ku California, ndipo pofika 1925 zidadziwika kuti Andromeda ali kunja kwenikweni kwa mlalang'amba wathu.

Adaphonyanso pena. Kale mu 1811 William Herschel adatchula malo 52 kuthambo amene iye adati ali ndi nkhungu yofooka. A Roberts adawajambula onsewo, napeza nkhungu pa malo 4 okha, ndipo adatsimikiza kuti enawo mulibe kanthu. Edward Barnard wa ku America adawatsutsa, poti iye ndi makamera ang'onoang'ono oona dera lalikulu adali atajambula nkhungu m'malo ena mwa amenewo. Phunziro lake n'lakuti chithunzi chikapanda kuonetsa chinthu sindiye kuti chinthucho kulibe. Msodzi wa pa Chiuta akavuula ukonde wopanda kanthu sanena kuti nsomba zatha m'nyanja. Amayamba wayang'ana maso a ukonde wakewo.

Koma onani ubwino wa ntchito yoona. Maganizo a a Roberts adagwa, koma zithunzi zawo sizidagwe. Popeza zidachokera ku kuwala kwenikweni osati ku dzanja la munthu wokometsera, amene adadza pambuyo adatha kuziwerenga mwatsopano. Munthu akhoza kulakwa pomasulira, zimenezo n'zokhululukika. Chosakhululukika ndi kupotoza umboni.

Pa za banja, mu 1875 adakwatira Ellen Anne Cartmel. Mkazi wawo wachiwiri adali Dorothea Klumpke, wobadwira ku San Francisco mu 1861, katswiri wa zakuthambo payekha. Mayiyu adali woyamba mwa akazi kulandira digiri ya udokotala wa masamu ku Sorbonne mu 1893, ndipo ankatsogolera ofesi yoyeza magalasi a nyenyezi ku Paris Observatory. Awiriwa adali pa sitima imodzi mu 1896 pa ulendo wokaona kadamsana ku Vadsø, kumpoto kwa Norway. Kadamsanayo mitambo idamuphimba, koma chinzake chidayambika, ndipo mu 1901 adakwatirana. Ukwatiwu sudakhalitse. Pa 17 July 1904 a Roberts adamwalira mwadzidzidzi ku Crowborough ali ndi zaka 75. Phulusa la thupi lawo lili ku manda a Flaybrick ku Birkenhead.

Chuma chawo chambiri adachisiyira mayunivesite a Cardiff, Bangor ndi Liverpool kuti chizilipirira ophunzira. Munthu amene sadalowe m'kalasi ya yunivesite adatsekulira ana a eni khomo lomwelo. Mayi Klumpke adatenga magalasi onse kupita nawo ku France, ndipo adatha zaka 25 akuwayeza ndi kuwasanja, mpaka adatulutsa buku la mapu a malo 52 aja pokumbukira zaka 100 chibadwire amuna awo. Adamwalira mu 1942. Telesikopu ija idasungidwa ndi Science Museum ya ku London. Kuseri kwa mwezi kuli chigwa chotchedwa Roberts, chokumbukira anthu awiri: Isaac yemweyu, ndi Alexander Roberts, mphunzitsi wa ku Lovedale ku South Africa amene masana ankaphunzitsa ana a anthu akuda, usiku n'kumayeza nyenyezi. Lovedale yake ndi yomwe ija kudachokera William Koyi, mlaliki amene adafika kuno mu 1876 nakagwira ntchito pakati pa Angoni a kumpoto.

Lero magalasi a mankhwala adatha. Kuyambira pamene Willard Boyle ndi George Smith adatulukira kachipangizo kogwira kuwala ka CCD mu 1969, kujambula kudalowa m'makina a kompyuta. Munthu wojambula milalang'amba pakhomo pake masiku ano satsekulanso kamera maola 4 nthawi imodzi. Amajambula zithunzi zambirimbiri za mphindi zochepa, kenaka kompyuta imazisanjikiza. Chithunzi chilichonse chimakhala ndi timadontho tachabe tobwera mwangozi, koma mlalang'amba umakhala pamalo pomwepo nthawi zonse. Ukasanjikiza zithunzi 100, timadonthoto timachepa mphamvu ka 10 poyerekeza ndi chithunzi chimodzi. Amajambulanso zithunzi zina kamera ili yotseka kuti adziwe zilema za kamerayo, ndi zina za kuwala kosalala kuti adziwe pamene pali fumbi, n'kuchotsera zonsezo. Pomaliza amakoka kuwala kofooka kuti kuonekere popanda kupsereza pakati. Mapulogalamu ochitira izi, monga Siril ndi DeepSkyStacker, ndi aulere. Mukayang'anitsitsa muona kuti mavuto ndi omwe aja a mu 1888: fumbi, kutsatira thambo, pakati powala ndi m'mbali mofooka.

Ndipo anthu wamba akutulukirabe zinthu. Kumayambiriro kwa 2023 kudalengezedwa kuti anthu atatu ojambula mwa kufuna kwawo, Marcel Drechsler, Xavier Strottner ndi Yann Sainty, apeza chimtambo chachikulu cha mpweya wowala pambali pa Andromeda yemweyo, chimene matelesikopu akuluakulu adachilumpha zaka zonsezi. Adachipeza posanjikiza zithunzi za maola ochuluka kwambiri, ndipo akatswiri adachita kutsimikiza ndi zipangizo zina asadavomereze. Mzimu wa bilidala uja ukadalipo.

Koma pali chiyeso chimene a Roberts sadakumane nacho pa mlingo wa lero. Kale kunamiza galasi kunkafuna luso ndi nthawi. Lero ndi chala chimodzi. Pali mapulogalamu amene amasalaza chithunzi mpaka kufufuta nyenyezi zenizeni, ndi ena amene amaonjezera timizere tokongola timene kamera sidatione n'komwe. Chotuluka chimakhala chokoma m'maso, anthu pa Facebook n'kumaombera m'manja, koma ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Malire ake ndi omveka. Kutsuka chithunzi ndi kutulutsa zimene kuwala kudasiya. Kupeka ndi kuikamo zimene kuwala sikudabweretse. Wojambula woona amanena maola amene adajambula, chipangizo chimene adagwiritsa ntchito ndi zimene adachita pa kompyuta, monga a Roberts ankachitira pansi pa chithunzi chilichonse.

Nkhaniyi si ya nyenyezi zokha ayi. Abale anzanga, masiku ano zithunzi zikuyenda m'mafoni mwathu ngati moto wa tchire, ndipo zina mwa izo zaphwasula mabanja ndi kuipitsa mbiri za anthu osalakwa. Mafunso amene wojambula thambo amafunsa ndi omwewo amene tonse tiyenera kufunsa tisadatumize chithunzi kwa mnzathu: chajambulidwa liti, ndi yani, ndipo kodi pali chachiwiri chochitira umboni? Mwana amene waphunzira kusiyanitsa nyenyezi ndi kafumbi ka pa galasi sapusitsidwa msanga ndi chithunzi chabodza.

Tsono tibwerere kwathu. A Roberts adachita kusamuka ulendo wautali, kugula malo pa phiri, kufunafuna thambo loyera. Anthu a m'mizinda ya ku Ulaya lero amalipira ndalama zambiri kukajambula ku Namibia ndi ku Chile pothawa kuwala kwa magetsi. Ife mdima umenewo tili nawo waulere. Sindikunena kuti midzi ya kwa Ngokwe ikhale yopanda magetsi. Magetsi ndi ofunika ku chipatala, ku sukulu ndi ku chigayo, ndipo anthu akumeneko adikira mokwanira. Ndikunena kuti pamene tikudikirapo, pamwamba pa mitu yathu pali kalasi imene sitikuigwiritsa ntchito. Kuyambira October mpaka December, madzulo opanda mwezi ndi mitambo, Andromeda amaoneka ndi maso chakumpoto ngati kautsi kofooka. Kum'mwera kuli timitambo tiwiri ta Magellan, milalang'amba ing'onoing'ono imene munthu wa ku Liverpool sangaione ngakhale atakwera padenga. Kamtambo kakang'ono mwa tiwirito ndiko kadapatsa mayi Leavitt kiyi yoyezera thambo.

Anzathu sakugona. South Africa idatsekula telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland mu 2005, ndi ya MeerKAT ya madishi 64 mu 2018. Pa maiko 8 a mu Africa amene adagwirizana ndi South Africa pa ntchito yaikulu ya SKA pali Zambia ndi Mozambique, anansi athu a mbali zonse ziwiri. Dzina la Malawi palibe. Komatu poyambira sipafuna mamiliyoni. Kamera imodzi yabwino, miyendo yake itatu, laputopu yakale ndi mphunzitsi wa sayansi wa chidwi n'zokwanira kuti ana a pa sekondale ya kumudzi atulutse chithunzi cha Andromeda ndi manja awo. M'menemo aphunziramo masamu, fizikisi, kompyuta, ndi chinthu chimene silabasi siphunzitsa, ndicho kudekha.

A Roberts adali mwana wa mlimi, woyankhula chiyankhulo chimene eni mzinda ankachiyang'anira pansi, wophunzira usiku atatopa ndi njerwa. Adayamba mochedwa, adalakwitsa zina, koma adasiya umboni woyera umene udaposa maganizo awo omwe. Pakati pa amisiri athu omanga, okonza mawailesi ndi mafoni, owotcherera zitsulo pa Liwonde, pa Ntaja ndi pa Balaka, alipo a mtima wofunsa ngati umenewu. Mwana wotere akabwera kudzafunsa kuti kautsi kali kumpotoko n'chiyani, tisamuuze kuti akagone. Timuuze kuti ndi mlalang'amba, kuti kuwala kwake kudanyamuka zaka 2.5 miliyoni zapitazo, ndiponso kuti woyamba kuujambula bwino adali bilidala.